MSONKHO WA PA NTHAKA: MBIRI YACE NDI PHUNZIRO LA KU KAFUE

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kumwera, atayenda makilomita ngati 45 pa mseu waukuru wa ku Livingstone, amafika m'tauni ya Kafue. Kumeneko kuli mudzi wa nyumba zomangidwa m'mizere, umene uchedwa Kafue Estates. Ana obadwira m'menemo amauyesa mudzi wacikhalire, koma nkhalamba zikumbukira kuti pamene dziko la Zambia linalandira ufulu m'caka ca 1964, nyumbazo kunalibe. Lero munthu wofuna kagawo kakang'ono ka nthaka ya kumeneko ayenera kuturutsa ndarama zambiri, ngakhale pamalopo palibe nyumba kapena citsime. Tsono funso la nkhani ino ndi ili: kodi anaikweza mtengo nthaka imeneyo ndani, ndipo woyenera kudya phindu lace ndani?

Funsoli si la lero. Kwa zaka zoposa 200, akatswiri a za cuma, atsogoleri a ndale ndi alembi ochuka, anthu amene anatsutsana pa zinthu zina zambiri, anabvomerezana pa yankho limodzi. Iwo anati mtengo wa nthaka yopanda kanthu umapangidwa ndi anthu onse pamodzi, ndipo cifukwa cace Boma liyenera kutengapo msonkho, m'malo molemetsa munthu cifukwa ca nyumba imene wamanga kapena thukuta limene wakhetsa. Komatu cozizwitsa n'cakuti msonkho wotamandidwa cotere upezeka m'maiko owerengeka okha. Dziko la Zambia linaizindikira nthenda imene anthu aja ananena, koma linayesa mankhwala ena, ndipo mbiri ya Kafue ionetsa bwino zimene zinatsatapo.

M'MENE KAFUE ANAKULIRA

Kale dera la Kafue linali la midzi, madimba, ng'ombe ndi asodzi a mumtsinje. Nthaka inali m'manja mwa mafumu, ndipo munthu ankapempha pokhala ndi polima, osagula ai. Coyamba kusintha zinthu cinali njanji. M'caka ca 1906 unatha kumangidwa ulalo wa sitima pa mtsinje wa Kafue, wotalika mamita 427, ndipo caka comweco njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. Pafupi ndi ulalowo anaika siteshoni, pozungulira siteshoni panamera masitoro, ndipo Azungu anatenga mafamu m'mbali mwa njanji, pakuti cimanga colimidwa pafupi ndi sitima cinali ndi msika. M'caka ca 1918 amishoni a Primitive Methodist, motsogozedwa ndi Mbusa John Fell, anatsegula kufupi ndi Kafue sukulu ya aphunzitsi ndi nchito za manja, kumene Harry Nkumbula anaphunzira pambuyo pace.

Kukula kweni-kweni kunadza ufulu utabwera. Mu November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linapandukira Britain, ndipo Zambia, amene katundu wace wambiri ankadzera kumwera, anatsimikiza kuti adzipangire yekha zinthu zofunika. Boma, kupyolera mwa bungwe lace la INDECO, linasankha Kafue, popeza kunali madzi, njanji ndi mseu, ndipo Lusaka anali pafupi. Anamanga fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles, ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito m'caka ca 1970. Kumunsi kwa mtsinje, pa Kafue Gorge, makina anayamba kuturutsa magetsi m'caka ca 1971. Anchito a m'mafakitale anafunika pogona, ndipo Kafue Estates anamangidwa cifukwa ca iwo, pamodzi ndi miseu ndi mipopi ya madzi.

Wowerenga aone bwino mndandanda umenewu: ulalo, siteshoni, mafakitale, magetsi, mipopi, ndi khamu la anthu odzafuna nchito. Palibe cimodzi mwa izi cimene mwini puloti anacita yekha. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Mtengo wa nthaka ya ku Kafue unasenzedwa ndi mitu yambiri, ndipo ndarama zace zambiri zinacokera m'thumba la dziko lonse.

MSONKHOWU NDI WOTANI

Mtengo wa malo ali onse uli pawiri. Mbali yoyamba ndi zimene mwini wacitapo: nyumba, mpanda, citsime, mitengo ya zipatso. Mbali yaciwiri ndi nthaka yokhayo, monga mwa pamene iri: kufupi ndi mseu kapena kutali, pakati pa tauni kapena kuthengo. Msonkho wa pa nthaka ugwira mbali yaciwiri yokha, caka ndi caka, ndi kuisiya yoyambayo.

Citsanzo ca masamu cingathandize, ndipo ziwerengero zace n'zongoyerekeza. Pakhale mapuloti awiri oyandikana, iri yonse ya K100,000 popanda nyumba. Mwini woyamba wamangapo nyumba ya K400,000. Waciwiri wasiya pace pali udzu, ali kudikira kuti mtengo ukwere. Khonsolo ifuna K6,000 kwa awiriwo yokonzera miseu ndi ngalande. Ikasonkhetsa nyumba zokha, womangayo alipira K6,000 yonse, mnzace osalipira kanthu. Ikasonkhetsa nthaka ndi nyumba pamodzi, ngwee imodzi pa Kwacha iri yonse, womangayo alipira K5,000, mnzace K1,000. Koma ikasonkhetsa nthaka yokha, ngwee zitatu pa Kwacha, ali yense alipira K3,000. Ndarama za khonsolo n'zimodzi-modzi m'njira zonse zitatu. Cosiyana ndi mutu umene wasenza katunduyo.

Oukonda msonkhowu amachula zifukwa zitatu. Coyamba, sulanga munthu wakhama. Caciwiri, nthaka siithawa, siibisika, ndipo siicepa: Boma likaika msonkho waukuru pa nsaru, anthu amaomba nsaru zocepa, koma likauika pa nthaka, maekala amakhala omwe aja. Cacitatu, munthu wosunga malo cabe amaona kuti kusungako kwayamba kumdyera ndarama, ndipo amamanga, kapena kupereka malowo kwa wina wofuna kumanga.

Msonkho umene makolo anaudziwa m'masiku a Atsamunda unali wa mtundu wina. Poyamba pa zaka za m'ma 1900 Kampani ya British South Africa inaika msonkho wa nyumba, umene kum'mawa kwa dziko unali masheleni atatu pa caka, ndipo pambuyo pace unasanduka msonkho wa mutu. Sunayang'ane cuma ca munthu, ndipo unathamangitsa amuna ambiri kumka ku migodi ndi ku mafamu kukafuna ndarama. Mu May 1935 kukwera kwa msonkhowo kunautsa sitiraka ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, kumene anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ndi mfuti. Cifukwa cace si cacilendo kuti mau akuti msonkho amaopsa anthu a kumudzi kufikira lero, ndipo mphunzitsi ayenera kusiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

AKATSWIRI OYAMBA NDI HENRY GEORGE

Adam Smith wa ku Scotland, amene ambiri amuyesa tate wa maphunziro a za cuma, analemba m'caka ca 1776 kuti lendi ya nthaka ya m'mizinda ndiyo yoyenera msonkho koposa lendi ya nyumba, pakuti mwini amailandira popanda kuigwirira nchito, ndipo imakwera cifukwa ca kulamulira bwino kwa Boma. David Ricardo, m'caka ca 1817, analongosola kuti lendi imabadwa pa kusiyana kwa malo abwino ndi malo oipa: anthu akacuruka nayamba kulima nthaka yoguga, mwini nthaka yaconde amalemera, ngakhale sanaonjeze khasu limodzi. John Stuart Mill, m'caka ca 1848, anati eni malo amalemera ali m'tulo, ndipo anafuna kuti Boma lizitenga kukwera kwa mtengo kumene mwini sanakugwirire nchito.

Koma amene anaturutsa nzeru iyi m'masukulu akuru ndi kuifikitsa kwa anthu wamba ndiye Henry George. Iye anabadwira ku Philadelphia m'dziko la America m'caka ca 1839, ndipo sanapite patali ndi sukulu. Anagwira nchito m'zombo, nakhala wosindikiza, kenaka mlembi wa nyuzipepala ku San Francisco, nalawa umphawi woopsa pamodzi ndi banja lace. Zimene zinacitika ku Kafue iye anaziona ku California. Njanji yodutsa dziko lonse la America inatha m'caka ca 1869, ndipo anthu ocenjera anali atagwira kale malo akuru-akuru m'njira yace, nawasunga osalima, kudikira khamu lirinkudza. George anadzifunsa cifukwa cace umphawi umakula pamalo pomwepo pamene cuma ciri kukula. Yankho lace analilemba m'buku la Progress and Poverty, ndiko kunena kutukuka ndi umphawi, limene linaturuka m'caka ca 1879 ndi kumasuliridwa m'zinenero zambiri.

George sanafune kuti Boma lilande malo a anthu. Iye anati mwini akhale ndi cikalata cace, amange, agulitse, asiyire ana ace. Koma lendi ya nthaka yokhayo ipite m'thumba la onse, ndipo misonkho ina yonse icotsedwe. M'caka ca 1886 anaima pa cisankho ca mkuru wa mzinda wa New York, nakhala waciwiri, kupambana Theodore Roosevelt amene anadzakhala Pulezidenti wa America. Anamwalira mu October 1897 ali pakati pa kuimanso kaciwiri.

ANDALE NDI ALEMBI

Ku Russia mlembi wamkuru Leo Tolstoy, amene iye mwini anali ndi malo ambiri, analandira ciphunzitso ca George ndi mtima wonse, nacilowetsa m'buku lace la nthano la m'caka ca 1899. Ku China, Ajeremani atatenga doko la Tsingtao m'caka ca 1898, anaika msonkho wa magawo 6 pa 100 a mtengo wa nthaka caka ndi caka, kuti aletse ogula malo ndi kusunga. Sun Yat-sen, tate wa China watsopano, anaika kugawana phindu la nthaka pakati pa mfundo zace, ndipo cisumbu ca Taiwan cinatsata mfundoyo m'malamulo ace.

Nkhondo yaikuru ya msonkhowu inacitikira ku Britain. M'caka ca 1909 Nduna ya za cuma, David Lloyd George, inapempha Nyumba ya Malamulo kuti Boma lizitenga gawo limodzi mwa magawo asanu a kukwera kwa mtengo wa nthaka pamene malo agulitsidwa, ndi kamsonkho kakang'ono pa malo osungidwa cabe. Winston Churchill, amene masiku amenewo anali m'cipani cimodzi ndi iye, analankhula ku Edinburgh mu July caka comweco, nafotokoza m'mene mwini malo amakhalira phee pamene anthu ena ali kumlambulira miseu, kumkokera madzi ndi kumuunikira nyali. Koma nyumba yaciwiri ya malamulo, yochedwa House of Lords, inali yodzala ndi eni malo, ndipo mu November 1909 inakana. Panacitika cisankho, lamulo linapita mu April 1910, ndipo m'caka ca 1911 mphamvu za nyumba ija zinacepetsedwa. Ngakhale zinatero, msonkho weni-weniwo sunakhalitse. Nchito yowerengera mtengo wa malo onse inadya ndarama zoposa zimene msonkho unabweretsa, mirandu inacuruka m'makhoti, ndipo m'caka ca 1920 unacotsedwa, Lloyd George yemweyo ali Nduna Yaikuru. Philip Snowden anayesanso m'caka ca 1931, koma lamulo lace linafafanizidwa mu 1934 lisanasonkhetse kobiri limodzi.

MU AFRICA MUNO

Maganizo amenewa anaoloka nyanja msanga. Kumpoto kwa Nigeria, Bwanamkubwa Percy Girouard ndi phungu wa ku Britain Josiah Wedgwood, wotsatira George, anathandiza kubala lamulo la 1910, limene linaika nthaka yonse m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu a dzikolo, ndi kuletsa kuti isagwidwe ndi anthu ocepa. Ku Transvaal lamulo la 1916 linalola mizinda kusonkhetsa nthaka yokha, ndipo Johannesburg anatero kuyambira 1918 kwa zaka 90, kufikira lamulo latsopano la 2004 linayamba kugwira nchito kumeneko mu 2008. Mzinda wa Nairobi nao unasonkhetsa nthaka yopanda nyumba kuyambira zaka za m'ma 1920. Ku Tanganyika, Julius Nyerere analemba m'caka ca 1962 za munthu amene angagwire malo, napita kukakhala kumwezi, nabwerako n'kupeza kuti walemera ndi thukuta la anzace otsala. Ndipo m'caka ca 1963 malo a umwini wamuyaya m'dzikomo anasandulika obwereka kwa Boma.

Anthu a ku Northern Rhodesia sanasowe buku kuti adziwe za mwini malo wokhala kutali. Kum'mawa, kampani ya North Charterland inagwira dera lalikuru lozungulira Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, pamene Angoni ndi Acewa anapanikizidwa m'malo ocepa oguga, kufikira Boma linagula malowo m'caka ca 1941. Ndipo Kampani ya British South Africa, ngakhale inaleka kulamulira dziko mu 1924, inapitiriza kulandira ndarama pa mkuwa wokumbidwa ndi makampani ena, cifukwa ca zikalata zakale za miyala ya pansi pa nthaka. Inalola kuzisiya ufulu wa pa 24 October 1964 utatsala maola owerengeka, italonjezedwa mapaundi mamiliyoni anai, theka locokera ku Britain ndi theka ku Zambia.

MANKHWALA A 1975

Pokumbukira zonsezi, Dr. Kenneth Kaunda anaipidwa kuona kuti ufulu utabwera malonda a malo opanda kanthu anakula mu Lusaka, mapuloti akumagulidwa ndi kugulitsidwanso pa phindu lalikuru popanda njerwa imodzi kuikidwapo. Pa 30 June 1975, polankhula kwa akuru a cipani ca UNIP ku Mulungushi Hall mu Lusaka, analengeza kusintha kwakukuru. Kuyambira pa 1 July 1975 umwini wamuyaya unatha. Malo otere anasanduka obwereka kwa Pulezidenti kwa zaka 100. Kugulitsa, kubwereketsa kapena kugawa malo kunafuna cilolezo ca Pulezidenti. Ndipo poika mtengo, lamulo linati ziwerengedwe zomangidwapo zokha, nthaka yokhayo iyesedwe yopanda mtengo. Makampani ogulitsa malo anauzidwa kuti atseke.

Kudandaula kwa Kaunda kunali komwe kuja kwa Mill ndi George, koma mankhwala anasiyana kutali. George anati: mtengo wa nthaka ulipo, uwerengedwe poyera, ndipo anthu onse atengeko gawo lao. Lamulo la 1975 linati mtengowo kulibe. Komatu madzi saiwala khwawa. Puloti ya pafupi ndi mseu inakhalabe yokhumbika koposa ya kuthengo, ndipo kusiyanako kunali kulipidwabe, koma mseri, kapena kubisidwa m'mtengo wa kanyumba kosatha. Ofuna cilolezo anadikira miyezi yambiri. Wolandira puloti kwa Boma pa ndarama zocepa analandira mphatso yaikuru, ndipo popeza lendi ya Boma inali yaing'ono, kuisunga cabe sikunampweteke. Makhonsolo nao, pokhala nthaka inalibe mtengo pamaso pa lamulo, anasonkhetsa zomangidwa zokha, ndiyo njira yoyamba ija ya m'citsanzo ca masamu, imene isenzetsa womanga katundu yense.

Ku Kafue Estates zinthu zinali ndi maonekedwe ena pa zaka zimenezo. Womanga ndi mwini nyumba anali kampani ya Boma, ndipo okhalamo anali obwereka. Cotero kukwera kwa mtengo wa malowo kunali m'manja mwa dziko. Koma caka comweco ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, cuma ca dziko cinayamba kufooka, ndipo makampani a Boma analowa m'mabvuto a ndarama kwa zaka zambiri.

1995 NDI PAMBUYO PACE

Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa mu 1991, linafafaniza lamulo lija ndi kuika Lands Act ya 1995, pakati pa kutsutsa kwa mafumu ambiri. Nthaka yonse inakhalabe m'dzina la Pulezidenti, ndipo kubwereka kwatsopano kunakhala kwa zaka zosapitirira 99, koma tsopano nthaka yopanda kanthu inaloledwa kukhala ndi mtengo ndi kugulitsidwa poyera. Lamulo la msonkho wa makhonsolo la 1997 linawerengera nthaka ndi zomangidwa pamodzi, ndiyo njira yaciwiri ya m'citsanzo. Kuyambira 1996 nyumba za makhonsolo, za Boma ndi za makampani ace zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo za ku Kafue Estates nazo zinalowa m'manja mwa anthu.

Mabanja ambiri anapeza poti pao, ndipo cimeneci cinali cabwino. Koma pa zaka zomwezo mafakitale amene anabala mudziwo anafooka. Nsaru zochipa zakunja ndi salaula zinagwetsa msika wa Kafue Textiles kufikira inaleka nchito, ndipo ya feteleza inacepetsa anchito. Apa Kafue aphunzitsa mbali yaciwiri ya phunziro: monga anthu onse amakweza mtengo wa malo, momwemonso kusowa kwa nchito kumaugwetsa, ngakhale mwini sanalakwe kanthu. Msonkho wotsata mtengo wa nthaka umatsika pa nyengo yotere. Pambuyo pace mphamvu ina inadza kucokera kumpoto. Lusaka, amene pa nthawi ya ufulu anali ndi anthu osafika 200,000, anaposa mamiliyoni awiri pa kalembera wa 2022, ndipo mafamu a m'mbali mwa mseu wa ku Kafue, ca ku Chilanga ndi Shimabala, anayamba kudulidwa mapuloti. Mwini famu yotere sanamange Lusaka, koma Lusaka anamlemeretsa.

AKATSWIRI A MASIKU ANO

Cina cozizwitsa m'mbiri iyi n'cakuti msonkhowu uli ndi abwenzi mbali zonse ziwiri za ndale. Milton Friedman, amene anadana ndi kulowerera kwa Boma m'malonda, ananena m'caka ca 1978 kuti mwa misonkho yonse, wosaipitsitsa ndiwo wa pa nthaka yopanda zomangidwa, nachula dzina la George. Joseph Stiglitz, amene maganizo ace atsutsana ndi a Friedman pa zambiri, anaonetsa ndi masamu m'caka ca 1977 kuti, zinthu zina zikakhala m'malo mwace, ndarama zimene Boma limwaza pa zothandiza onse zimabwerera m'kukwera kwa lendi ya nthaka, kotero kuti lendiyo ingathe kulipira zinthuzo. Mu November 1990 akatswiri 30 analembera Mikhail Gorbachev wa ku Soviet Union, kumcenjeza kuti asagulitse nthaka ya dziko, koma aibwereketse ndi kusonkhetsa lendi yace. Mwa osaina munali Franco Modigliani, James Tobin, Robert Solow ndi William Vickrey, onse anai olandira mphotho ya Nobel. M'caka ca 2011 gulu lotsogozedwa ndi James Mirrlees linalangiza Britain kuti msonkho wa nyumba za malonda ulowedwe m'malo ndi wa pa nthaka. Maiko ena aucita ndithu: Denmark kuyambira zaka za m'ma 1920, ndi Estonia kuyambira 1993.

NANGA BWANJI USOWA?

Zifukwa ziripo, ndipo si zonse ziri zacabe. Coyamba, kulekanitsa mtengo wa nthaka ndi wa nyumba kufuna anthu ophunzira nchitoyo, mapu abwino ndi kaundula wokonzedwa kawiri-kawiri. Cimeneci ndico cinagwetsa Lloyd George, ndipo n'cobvuta koposa kumene malo ambiri alibe zikalata. Caciwiri, pali mai wamasiye kapena mphunzitsi wopuma nchito, amene nyumba yace iri pamalo okwera mtengo koma m'thumba mulibe kanthu. Oukonda msonkhowu amayankha kuti wotere aloledwe kucedwetsa malipiro kufikira malowo adzagulitsidwe. Cacitatu, munthu amene wagula puloti dzulo pa mtengo wathunthu amaona ngati walandidwa, ndipo cifukwa cace msonkhowo uyenera kulowa pang'ono-pang'ono. Cacinai, akatswiri ambiri a lero sabvomereza kuti msonkho umodzi wokha ungathe kulipira zonse za Boma, monga George anakhulupirira. Koma cifukwa cacikuru ndi cija cinaoneka ku House of Lords: otaya ndi ocepa, amphamvu, ndipo adziwa bwino cimene adzataya, opindula ndi ambiri, obalalika, ndipo kawiri-kawiri sanamvepo za nkhaniyi.

MAU KWA APHUNZITSI

Mphunzitsi wa kumudzi angaganize kuti izi n'za m'tauni zokha. N'zoona kuti munda wa makolo, umene munthu analandira kwa mfumu, sugulitsidwa monga mwa mwambo, ndipo msonkho wa George sunalinge khasu la mlimi wa kutali ndi msika, pakuti nthaka yotere mtengo wace ndi wocepa. Koma lamulo la 1995 lilola kuti malo a mafumu asandulike obwereka kwa Boma, mfumu ndi khonsolo akabvomereza. Tsiku limene mseu wa tara, magetsi kapena mgodi zifika pafupi ndi mudzi, alendo amabwera ndi mapepala, ndipo nthaka imene dzulo inali ya mbuzi imakhala ndi mtengo. Anthu a pamudzi akamafunsa tanthauzo la mapepalawo, kawiri-kawiri amapita kwa mphunzitsi.

Cotero nkhaniyi iyenera kulowa m'kalasi, ndipo siisowa buku. Pa phunziro la masamu ana acite citsanzo ca mapuloti awiri, nasinthe ziwerengero okha. Pa phunziro la mbiri afunse agogo ao kuti sitoro yoyamba, cigayo, cipatala ndi siteji ya basi zinafika liti, nalembe mapu a mudzi, naonetse malo amene anthu ayamba kulimbirana. Pamenepo mphunzitsi awafunse funso lomwe lija la ku Kafue: anakweza mtengo wa malowa ndani? Ena mwa anawo adzakhala makhansala, alembi a mafumu ndi oyeza malo, ndipo mapepala otere adzapita m'manja mwao.

Ulalo wa 1906 ukali pa mtsinje wa Kafue, ndipo ku Kafue Estates kuli adzukulu a anthu aja anadza kudzaomba nsaru ndi kupanga feteleza. Nthaka ya kumeneko yaona malamulo a mitundu itatu: la Atsamunda lolola umwini wamuyaya, la 1975 lokana kuti iri ndi mtengo, ndi la 1995 lobwezera mtengowo kumsika. Njira ya Henry George, yosonkhetsa nthaka yokha caka ndi caka ndi kumasula nyumba, siiri m'malamulo atatuwo.